Masiku 21 akwana koma thadzi silinagogomole: mafunso ndi mayankho

Mwezi sutha osabwera munthu kudzandifunsa za thadzi limene lakhalitsa pachikwatu. Ena amabwera ataswa kale mazira, angofuna kumva ngati analakwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera, ndipo ndayankha monga ndaonera pa nkhuku zachikuda zoyenda pabwalo, osati za m'mafamu akuluakulu.

Thadzi langa lakwanitsa masiku 21 koma palibe dzira limene laswa. Ndiwataye?

Ayi, musataye, ndipo musaswe ndi limodzi lomwe. Masiku 21 ndi amene mazira ambiri a nkhuku amaswera, koma nkhuku siyang'ana kalendala. Anapiye ena amatuluka pa tsiku la 20, ambiri pa 21, ndipo si zachilendo kuwaona pa 22 kapena 23, makamaka nyengo yozizira.

Ine ndinaphunzira movutikira. Chaka china mu Juni, thadzi langa lamawangamawanga linafungatira mazira 11. Malinga ndi kuwerenga kwanga, tsiku la 23 linali litakwana. Ndinatenga limodzi, n'kupita nalo kuseri kwa khola, n'kuligogoda pamwala ndili tsinyaa, kudikira fungo. Fungo silinamveke. M'katimo munali kamwanapiye kathunthu, nthenga zonyowa, kakutukula mwendo, pamimba pakulendewera chikasu cha dzira chimene kanali kasanamalize kulowetsa m'thupi. Kanafera m'manja mwanga. Mawa lake madzulo ndinamva tswii tswii pansi pa make, ndipo mwa khumi otsalawo, asanu ndi atatu anaswa bwinobwino. Mazirawo sanachedwe. Ndine amene ndinayamba kuwerenga molawirira.

Nanga masikuwo amawerengedwa bwanji?

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Thadzi likatsala pang'ono kumaliza kuikira limayamba kuchedwa pachikwatu: lero maola awiri, mawa theka la tsiku, koma usiku likukagonabe pamtanda ndi anzake. Kumeneko si kufungatira. Muyambe kuwerenga tsiku limene lagona pa mazira usiku wonse n'kupitiriza kukhalapo masana. Ndipo tsiku loyamba limakwana pakatha maola 24, osati pamene langokhala kumene.

Njira yosavuta kukumbukira ndi iyi: tsiku la sabata limene layamba ndi lomwenso limaswera, patatha masabata atatu. Likayamba Lolemba, muyembekezere Lolemba. Likayamba pa 1 Juni, tsiku la 21 ndi pa 22 Juni. Lembani ndi khala pakhoma la khola kapena muike mufoni. Mutu umanama, makamaka ukamalakalaka anapiye.

Palinso china. Pakhomo pamene pali mathadzi angapo, ena amakonda kudzaikira m'chikwatu cha mnzawo akangotuluka kukadya. Dzira limene lalowa patatha masiku asanu lidzaswanso mochedwa ndi masiku asanu, ngati make angalidikire. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba chizindikiro ndi pensulo kapena khala pa mazira onse tsiku loyamba, kenako n'kumachotsa lililonse lopanda chizindikiro.

Ngati ndawerenga bwino, n'chiyani chingachedwetse mazira?

Chachikulu ndi kuzizira. Kamwanapiye kamakula bwino dzira likamatenthedwa pafupifupi madigiri 37.5. Likamazizidwa pang'ono tsiku ndi tsiku, sikafa msanga koma kamakula mwapang'onopang'ono. Mu Juni ndi Julayi, kumadera ngati Dedza ndi Ntcheu, kapena ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni chikatsika, thadzi likangochoka kwa kanthawi mazira amazizira msanga, ndipo kuchedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri si nkhani.

Chachiwiri ndi kuchulukitsa mazira. Thadzi laling'ono mukaliikira mazira 16, ena amatulukira m'mbali mwa mapiko. Ndiye popeza limawatembenuza ndi kuwasinthanitsa malo, dzira lililonse limakhala ndi nthawi yake yogona kunja. Mapeto ake onse amachedwa, ena n'kufa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chachitatu ndi msinkhu wa dzira. Limene lakhala masabata awiri lisanafungatiridwe limaswa mochedwerapo kusiyana ndi la masiku atatu, ndiponso mwayi wake woswa umakhala utachepa. Mazira aakulu kwambiri nawonso amachedwerako pang'ono.

Kutentha kumachita zosiyana. Ku Nsanje ndi Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala, dzira limatha kuyamba kukula lili m'chikwatu thadzi lisanakhalepo n'komwe. Oterewa ena amaswa msanga, ena amafera m'kati masiku oyambirira.

Ndingadziwe bwanji kuti m'dzira muli moyo popanda kuliswa?

Muli ndi zida zitatu: tochi, khutu ndi mphuno.

Yambani ndi khutu chifukwa silisokoneza kanthu. Usiku kukakhala zii, khalani pafupi ndi chikwatu mumvetsere. Kuyambira tsiku la 19 kapena 20, kamwanapiye kamaboola nembanemba ya m'kati n'kulowetsa mlomo m'kamphako ka mpweya kamene kali kumbali yaikulu ya dzira. Kakayamba kupuma kamatha kulira chigoba chisanang'ambike. Mumva tswii wapansipansi, kapena kugogoda kwa te-te-te ngati munthu akudina chikhadabo patebulo. Thadzi nalo limayankha, kung'ung'udza pansipansi litaweramitsa mutu. Mukamva zimenezi bwererani m'nyumba mukagone, ntchito ikuyenda.

Ngati kuli chete, gwiritsani ntchito tochi. Ya pafoni ndi yokwanira. Chitani usiku kapena m'chipinda chamdima, m'manja mutasamba ndi kuuma. Pindani chikhatho mozungulira tochi kuti kuwala kuzitulukira pa kampata kakang'ono, n'kusanjika mbali yaikulu ya dzira pamenepo. Pa masiku omaliza, dzira lamoyo limaoneka lakuda bii pafupifupi lonse, kupatula kamphako ka mpweya kowala, kamene kamakhala katakula ndipo malire ake apendekeka. Mukadekha mutha kuona mthunzi ukugwedera m'malire mwake, kapena kamlomo kali tolo m'mphakomo. Dzira limene likuwala mbee ngati nyale, chikasu chokha chikuoneka, silinayambe n'komwe, lichotseni. Limene lili ndi mzere wofiira wozungulira ngati mphete linafa masiku oyamba. Ndipo ngati mukalipendeketsa pang'ono zam'kati zikuyenda ngati madzi, lasukusa.

Musaligwedeze pafupi ndi khutu monga timachitira poyesa mazira pamsika. Ngati muli moyo, mitsempha yake ndi yanthete, imaduka. Mulibwezerenso mmene linagonera, chifukwa masiku atatu omaliza kamwanapiye kamakhala katalunjika kale kumene katulukire.

Mphuno siinama. Dzira lowola limanunkha ngakhale lisanasweke, ndipo nthawi zina limatuluka timadontho tachikasu pachigoba ngati thukuta. Loterolo musaliwalitse n'komwe. Linyamuleni mwaulemu ngati mwanyamula moto, mukalikwirire kutali.

Kuwalitsa kumathandiza kwambiri mukachita pa tsiku la 7 mpaka 10. Apo n'kuti mitsempha ya magazi ikuoneka ngati ukonde wa kangaude, pakati pali kadontho kakuda. Mazira amene ali mbee mumawachotseratu, thadzi n'kutsala ndi ochepa oti liwafunditse bwino. Mazira a zigoba zofiirira kwambiri amavuta kuona, choncho ngati mukukayika bwezerani, mudzaonenso pakapita masiku anayi.

Anzanga akuti ndiwaviike m'madzi ofunda, amoyo azigwedera. N'zoona?

N'zoona kuti dzira lamoyo nthawi zina limagwedera lokha m'madzi odekha. Koma njirayi ine sindiikonda. Kuyandama kokha sikunena kanthu, chifukwa dzira lililonse limene lafungatiridwa masabata atatu limakhala ndi mpweya wambiri, lamoyo ndi lakufa lomwe. Kamwanapiye kamene kagona sikagwedera, ndiye mutha kutaya kamoyo. Choopsa kwambiri n'chakuti ngati pali kamng'alu kamene simunakaone, madzi alowa ndipo kamizidwa. Tochi imakuuzani zambiri popanda kunyowetsa chilichonse.

Agogo ankati ukagwira mazira ofungatiridwa amasukusa, ndipo nkhuku imawanyanyala. Ndiye ndiwagwire bwanji?

Agogo sankalakwa kwenikweni. Ankaletsa ana, ndipo mwana akagwira dzira amaligwedeza, kuligwetsa, kapena kulisiya panja. Chigoba chili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso timene dzira limapumira, ndipo manja a mafuta ophikira, a parafini kapena odzola amatha kutitseka kapena kulowetsa majeremusi. Koma dzanja loyera, kwa mphindi imodzi, silipha dzira. Thadzi limene lafungatira ndi mtima wonse silithawa chifukwa cha fungo la munthu. Limathawa likamasokonezedwa pafupipafupi. Kawiri pa masabata atatu ndi kokwanira, ndipo chitani usiku, pamene limangojompha pang'ono n'kukhalanso.

Ndidikire mpaka tsiku liti?

Ngati mukutsimikiza za tsiku limene linayamba, dikirani mpaka 23. Pa tsikulo walitsani ndi kumvetsera. Amene akuonetsa moyo apatseni mpaka 25. Kupitirira apo, kunena mosabisa, palibe chimene mukudikira. Ngakhale kataswa pa 24 kapena 25, kawirikawiri kamakhala kofooka, mchombo wosatsekeka bwino, ndipo ambiri otere salimba.

Ngati tsiku loyamba simukulidziwa, mwina thadzi linakabisala kutchire kapena pansi pa nkhokwe n'kupezeka litakhala kale, iwalani za kalendala. Walitsani lero, mudzawalitsenso pakapita masiku anayi. Ngati mdima wa m'kati wakula ndipo mphako ya mpweya yakulanso, moyo ulipo. Ngati palibe chasintha, afa.

Anthu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa masiku awiri atatu amenewa mwambiwu umagwira. Koma musaiwale kuti pamwamba pa mazirawo pakhala nkhuku yamoyo imene ikuwonda tsiku ndi tsiku. Thadzi labwino lofungatira ndi lamtengo kuposa mazira khumi okayikitsa.

Dzira lina lagogomoka kabowo kuyambira dzulo koma kamwanapiye sikakutuluka. Ndikathandize?

Manja amayabwa, ndikudziwa. Koma kuchokera pamene kaboola chigoba mpaka kutuluka pamatha maola 12 mpaka 24, ndipo nthawi yambiri mwa imeneyi kamangokhala phee. Sikuti katopa chabe. Kakuzolowera kupuma ndi mapapo, magazi amene anali m'mitsempha ya m'nembanemba akubwerera m'thupi, ndipo chikasu cha dzira chikulowa m'mimba kudzera pamchombo. Zikatha zimenezi m'pamene kamayamba kuzungulira, kukhadzula chigoba pang'onopang'ono ndi kadzino kakang'ono ka pamwamba pa mlomo, mpaka chipewa chija chitavundukuka. Mukakasenda nthawi isanakwane, mudula mtsempha ndipo magazi ochepa okha ndi okwanira kukapha.

Ganizirani zothandiza pokhapokha maola 24 atadutsa bowo lisanakule, nembanemba ikuoneka youma, yofiirira, itakamatirira kamwanapiye, ndipo iko kakulira mwamphamvu. Sambani m'manja. Benthulani chigoba tizidutswa tating'ono kuzungulira bowolo, kulowera kumbali yaikulu. Nyowetsani nembanembayo ndi kansalu koviika m'madzi owiritsa amene afunda, osadonthetsera pamphuno. Ikanyowa imaonetsa zam'kati. Mukaona mitsempha yofiira, kapena kadontho ka magazi, lekerani pomwepo, bwezerani pansi pa make, mudzaonenso pakatha maola atatu kapena anayi. Ndipo ngakhale zonse zili bwino, musakazule m'chigoba cha m'munsi. Masulani mutu ndi mapewa, kotsalako kadzikankhe kokha.

Bowo likakhala kumbali yosongoka, ndiye kuti kanagona chozondoka. Otere ena amatuluka okha, ena amalephera, ndipo amatenga nthawi yaitali kuposa anzawo chifukwa sanadutsire m'mphako ya mpweya. Musadziimbe mlandu kamene mwathandiza kakafa. Nthawi zambiri kamene kalephera kutuluka kokha kamakhala ndi vuto kale.

Anapiye asanu aswa, thadzi lanyamuka nawo, mazira anayi atsala. Nditani?

Thadzi limadikira tsiku limodzi kapena awiri kuchokera pamene woyamba waswa. Anapiye amatha kupirira chifukwa chikasu chija chimawadyetsa kwa masiku awiri kapena atatu. Akayamba kutuluka m'mapiko n'kumajompha udzu, make amasankha amoyo amene akuwaona, ndipo sangabwererenso.

Walitsani otsalawo asanazizire. Kawirikawiri mupeza kuti ndi osukusa, thadzi linadziwa kale. Ngati muli lamoyo, njira yabwino ndi kulilowetsa usiku pansi pa thadzi lina limene latsala pang'ono kuswa. Ngati palibe, ndipo mwazindikira make asananyamuke, mutha kutenga anapiye ouma n'kuwaika m'katoni momwe muli nsanza ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu, kuti make akhalebe pa mazira tsiku lina limodzi. Katoniyo ikhale kutali kuti asamawamve, apo ayi adzuka kukawafuna. Muwabwezere usiku, ndipo musapitirire masiku awiri, angawaiwale n'kuyamba kuwajompha.

Dzira laphulika m'chikwatu, fungo lili guu. Otsalawo apulumuka?

Ena apulumuka mukachita changu. Chotsani udzu wonse n'kuutentha, ikani wina wouma. Mazira amene adetsedwa pang'ono apukuteni ndi nsalu youma. Amene anyowa kwambiri apukuteni ndi kansalu ka madzi ofunda, osati ozizira, chifukwa madzi ozizira amapangitsa dzira kukokera zoipa m'kati kudzera m'timabowo tija. Yang'ananinso pamimba pa thadzi, mulipukute. Pakapita masiku atatu walitsani onse, poti lina likhoza kukhala litatengera.

Thadzi linachoka pa mazira kwa theka la tsiku, ndawapeza ali zii. Afa?

Musafulumire kuweruza. Kutuluka kamodzi pa tsiku kwa mphindi 15 mpaka 30 ndi khalidwe lake: limadya mothamanga, kumwa, kutaya chitosi chimodzi chachikulu chonunkha kwambiri, kudzigubuduza m'fumbi, n'kubwerera nthenga zili nyankhalala. Kukatentha limatha kukhala kunja ola lathunthu kapena kuposa. Dzira lozizira kunja si lakufa. Kamwanapiye kamatha kupirira maola angapo, kukula kumangoima kaye. Libwezereni thadzilo, muwalitse pakapita masiku atatu, ndipo muyembekezere kuti kuswa kuchedwerako.

Funso lofunika ndi lakuti lachokeranji. Nthawi zambiri yankho ndi nthata. Pisani dzanja m'chikwatu usiku kwa mphindi imodzi, kenako muliunike. Mukaona tinthu tating'ono ngati fumbi tikuyenda pamkono, mwapeza mdani. Nthata zimayamwa magazi usiku wonse, nkhope ya thadzi imatuwa, ndipo lina limafera pa mazira pomwepo. Sinthani udzu, tenthani wakalewo, ndipo pansi pa watsopano thirani phulusa losefa. Makolo ankaikamo masamba ouma a fodya, ena masiku ano amaika a nimu. Zikachuluka, funsani alangizi a ziweto za mankhwala a ufa oyenera nkhuku. Musathire parafini kapena mankhwala a m'munda pa chikwatu cha mazira.

Zina zothamangitsa thadzi ndi linthumbu, makoswe, njoka, galu wakuba mazira, ndi denga lodontha. Msoti umene ukufungatira koyamba nawonso umatha kungogwa ulesi pakati pa ulendo.

Kodi mabingu amapha anapiye m'mazira?

Phokoso la bingu silipha dzira. Chimene chimachitika nyengo ya dzinja n'chakuti chikwatu chimanyowa, thadzi limadzidzimuka n'kuponda mazira kapena kuthawa, ndipo matope a kumapazi kwake amadetsa zigoba. Konzani denga ndipo chikwatu chisakhale pansi pamene madzi amadutsa.

Ndinaikira thadzi mazira a nkhanga. Masiku 23 adutsa, palibe kanthu.

Simunachedwe, nthawi yake sinakwane. Mazira a nkhanga amatenga masiku 26 mpaka 28. A nkhukundembo 28. Abakha athu ambiri a m'midzi, aja ofiira kumaso amene salira mokweza, amatenga masiku 35, pamene mitundu ina ya abakha imatenga 28. Thadzi limadikira ndithu, silidziwa kuwerenga.

Mukafuna kusakaniza a nkhanga ndi a nkhuku, yambani ndi a nkhanga, a nkhuku muwonjezere pakatha sabata, kuti aswere pamodzi. Mukawaika tsiku limodzi, anapiye a nkhuku atuluka msanga ndipo make anyamuka nawo, a nkhanga n'kutsala akuzizira. Zigoba za nkhanga n'zolimba ndi zamadontho, tochi yofooka siionetsa bwino.

Mazira onse 12 asukusa. Vuto ndi tambala kapena thadzi?

Mazirawo akuuzani okha ngati mungalimbe mtima. Atengereni kutali ndi nyumba, muwaike m'jumbo limodzilimodzi n'kuwaswera momwemo, nkhope mutayang'ana kumbali.

Ngati ambiri alibe chilichonse, ndi madzi achikasu okhaokha opanda magazi, yang'anani kwa tambala: wakalamba, wadwala, ndi wamng'ono kwambiri, kapena mathadzi amuchulukira. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 10. Akachoka pakhomo, thadzi limaikirabe mazira oswa kwa pafupifupi masabata awiri, kenako amakhala opanda mbewu. Ambiri amaiwala kuti tambala anadyedwa pa Khirisimasi n'kumadabwa mu Febuluwale. Mazira okhalitsa kapena osungidwa potentha amaonekanso chimodzimodzi, choncho musathamangire kunola mpeni.

Mukapeza timagazi kapena tianapiye tating'ono ngati nyemba, anafa sabata yoyamba: kuzizidwa, kutenthedwa, kugwedezeka paulendo wa panjinga, kapena zigoba zakuda. Mukapeza anapiye athunthu a nthenga amene sanaboole, vuto linabwera kumapeto, monga kuzizidwa masiku omaliza, kuuma kwambiri kwa chikwatu, kapena kufooka chifukwa makolo awo sadya mokwanira. Nkhuku zongodya madeya okhaokha, osapeza masamba, chiswe ndi tizilombo, zimaikira mazira ofooka. Ndipo ngati tambala yemweyo wakhala akukwera ana ake ndi zidzukulu zake zaka zitatu, sinthanani ndi wa kumudzi wina.

Thadzi likukakamirabe pachikwatu chopanda kanthu. Ndiliikire mazira ena pomwepo?

Ligwireni kaye pachifuwa. Ngati fupa lasongoka ngati mpeni, ndipo mukalinyamula lili pepuu, musayerekeze. Masabata ena atatu akhoza kulipha. Ngati lili ndi mnofu, likudya tsiku lililonse ndipo mulibe nthata, ena amaliikira kachiwiri, koma kachitatu ayi.

Njira imene ndimaikonda ndi kulipatsa anapiye a tsiku limodzi kapena awiri, ngati alipo kwa thadzi lina kapena ogula. Alowetseni pansi pa mapiko usiku kuli mdima, n'kuchotsa mazira akufawo. M'mawa mulawirire kukaona. Likamawaitana ndi kuwafungatira, lawalandira. Likamawajompha mwaukali, achotseni msanga.

Ngati mukufuna lingosiya, chotsani chikwatu n'kuliika m'kakhola kokwezeka kopanda udzu, kowala, kamene pansi pake pamapita mphepo, mutaikamo chakudya ndi madzi. Pakatha masiku atatu kapena anayi limaiwala. Chimodzi mwa zimene zimasunga mtima wofungatira ndi kufunda kwa pamimba, paja limadzisosola nthenga kuti khungu likhudze mazira. Pakazizira, thupi limabwerera mwakale, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri limayambanso kutetera. Zoliviika m'madzi ozizira, kulimana chakudya kapena kulipisa nthenga m'mphuno ndi nkhanza chabe.

Nkhuku zanga za Mikolongwe zimaikira bwino koma sizikhala pa mazira. Zalodzedwa?

Ayi, ndi mtundu wake. Za Mikolongwe, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, zimafungatira mwa apo ndi apo, ndipo zoikira za m'mafamu zija pafupifupi sizifungatira n'komwe, chifukwa anazisankha kuti ziziikira osapumira. Sungani mathadzi awiri atatu achikuda kuti akhale azamba. Thadzi silisankha, limafungatira dzira lililonse limene mwaliikira. Koma mazira a m'thireyi a m'sitolo musavutike nawo, kumene amachokera kulibe tambala.

Ulendo wina ndichite chiyani kuti ndisadzakhalenso pa chikayiko chotere?

Sankhani mazira osapitirira sabata imodzi, kapena masiku khumi zikavuta, a msinkhu wapakati, oyera okha osatsuka, opanda mng'alu. Asungeni pamthunzi pozizirira, mbali yosongoka itayang'ana pansi. Zoti obulungira amatulutsa misoti ndipo osongoka atambala ndi nkhambakamwa. Thadzi lachikuda liikireni 8 mpaka 12 malinga ndi kukula kwake, m'nyengo yozizira muchepetseko. Mukaona dzira likusuzumira kunja kwa nthenga, achuluka. Aikeni onse tsiku limodzi, madzulo, mutalemba chizindikiro ndi deti.

Chikwatu chikhale pa kamdima, pamene anzake safikapo. Madzi ndi chakudya zikhale pafupi koma osati pakamwa peni peni, kuti lizidzuka kukawongola miyendo ndi kudzithandiza kunja.

Anapiye aswa tsopano. Pali chofunika masiku oyambawa?

Madzi m'mbale yosazama, mutaikamo timiyala kuti asamire. Chakudya cha anapiye cha kusitolo ngati mungakwanitse, apo ayi mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga wopera kapena usipa wosinja, ndi chiswe akachipeza. Atsekereni ndi make masabata oyambirira, chifukwa mphamba, khwangwala ndi likongwe amamaliza anapiye ambiri kuposa amene amafera m'mazira, ndipo mame a m'mawa amawazizira. Funsaninso alangizi kapena wotemera wa m'dera lanu za katemera wa chitopa wa I-2, wodonthetsera m'diso. Amaperekedwa ngakhale kwa anapiye ongoswa kumene, n'kumabwereza pakatha miyezi inayi iliyonse. Chikwatu chakale chija, udzu ndi zigoba zomwe, tenthani tsiku lomwelo.